Maola Asanu M'jekete Yofiira

1

Ine ndine munthu woyendayenda. Ndakhalapo ku Chipata, ku Kitwe, ku Bulawayo ndi ku Joni, ndipo konseko ndinkachokako mpando usanafunde. Chimene sindinatope nacho ndi chimodzi, kumvera nkhani za anthu osawadziwa. M'basi, pa mzere wa kuchipatala, m'tramu, kasitima koyenda m'misewu ya kuno ku Croydon kwa azungu, munthu akangoyamba kuti "bambo inu, zimene ndaona ine," ndimasendera pafupi. Nkhani za eni ake ndadzaza nazo mutu. Yanga yokha ndiyo ndinaikhalira zaka zonsezi, ndipo lero ndaganiza zoitula kwa inu. Kuno amandidziwa kuti Crispin.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinali m'gulu la anthu odzipereka ofunafuna osowa. Munthu akasowa, makamaka okalamba a matenda oiwala, apolisi amatiitana, ife n'kusiya zimene tikuchita. Malipiro palibe. M'gulumo muli aphunzitsi, oyendetsa mabasi, mayi wina wogulitsa maluwa, ndi ife opuma pantchito amene miyendo ikadali yolimba.

Analiyambitsa ndi Killian, mzungu wa ku Ireland, wokonza mipopi ya madzi. Bambo ake anatuluka m'mawa wina atavala masilipasi, akuti akukagula nyuzipepala. Anawapeza patapita masiku asanu ndi anayi, m'ziyangoyango kuseri kwa magalaja, mtunda woyenda mphindi zisanu kuchokera pakhomo pawo. Maliro atatha, Killian anasonkhanitsa anzake asanu ndi mmodzi m'holo ya tchalitchi, anabwereka vani ndi matochi, gulu n'kubadwa. Panopa muli anthu oposa makumi asanu, agalu awiri, mawailesi am'manja, ndi majekete ofiira owala oti munthu awaone ali kutali.

Wolowa kumene aliyense Killian amamuuza malamulo awiri, chala chili m'mwamba.

"Loyamba, chilichonse chimene ukudziwa, ngakhale chioneke chopusa, chibweretse kwa wogwira mapu. Lachiwiri, ngati wosowayo ukumudziwa, nena pomwepo."

Malamulo awiriwa ndinawaswa tsiku limodzi, ndipo munthu anali m'madzi.

2

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Novembala, kamvula kakuwaza kosalekeza, mphepo yolasa m'mafupa. Mkazi wanga Sibeso, wa ku Zambia, amene amasamalira okalamba m'nyumba ina ku Thornton Heath, anali akusita yunifolomu yake pamene foni inalira.

"Ba Crispin, ni ba Killian banu futi," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Siku ina muzakafela mu sanga imwe. Nkhalamba kufuna nkhalamba inzake!"

"Ndikasowa ine mudzawaitana omwewa," ndinayankha ndikumanga nsapato.

"Nizabauza ati musiyeni, azibiwa kuyenda uyo."

Ndinatuluka ndikuseka.

Vani yathu inaima poimika magalimoto pa paki yaikulu imene njanji ya tramu imadutsa m'mbali mwake. Ndi paki ya nkhalango, madambo ndi timitsinje, yoti munthu angayendemo tsiku lonse. Killian anali atayala mapu, anzanga atazungulira.

"Mayi wa zaka 64, dzina lake Eliza, wochokera ku Malawi," anatero. "Ali ndi matenda oiwala. Anabwera miyezi inayi yapitayo kudzakhala ndi mwana wake. Watuluka 7 koloko, wavala chitenje ndi juzi yobiriwira, alibe jekete. Kuzizira kumeneku, mdima ukagwa 4 koloko tisanamupeze, mukudziwa nokha."

Anayendetsa foni yake kuti aliyense aone chithunzi. Itafika m'manja mwanga, nthawi pamwamba pake inali 10:20.

Tsitsi linali loyera, masaya atalowa. Koma pa nsidze ya kumanzere panali chipsera chopingasa, ndipo ine ndinkadziwa tsiku limene chinabwera, njinga imene anagwa nayo, ndi munthu amene ankapalasa njingayo.

"Crispin, ku Zambia kwanu mumamvana ndi a ku Malawi, eti?" anafunsa Killian. "Upite kunyumba ukafunse mafunso. Kapena ukumudziwa? Anthu inu mumadziwana."

"Ayi," ndinatero. "Sindikumudziwa."

Ndinabweza foni ija.

3

Nyumbayo inali m'kamsewu koyang'anizana ndi paki. Jekete yanga yonyowa ndinaisiya m'galimoto, n'kulowa ndi fomu m'manja. Anatsegula chitseko mayi wa zaka ngati makumi anayi, atavala yunifolomu ya unamwino, maso atatupa.

"Ndine Phoebe, mwana wawo," anatero m'Chingerezi. Nditamupatsa moni m'Chichewa, anagwira pakamwa. "Ambuye! Ankolo, lowani. Ndinu a kuti?"

"Ku Chipata."

"Ndiye ndife amodzi, ife kwathu ndi ku Mchinji. Ankolo, ndangolowa mu shawa, five minutes yokha. Makiyi ndimabisa pamwamba pa filiji. Sindikudziwa kuti awaona bwanji."

Ndinakhala pansi n'kuyamba mafunso a pa fomu, amene ndinawafunsapo mabanja ambirimbiri. Amamwa mankhwala anji? Amayenda msanga kapena pang'onopang'ono? Anasowapo kale? Amakonda kupita kuti?

"Ku paki konko. Amati kumafanana ndi kudimba. Amakhala pa benchi n'kumaimba nyimbo za kumvano."

Pakhoma, pamwamba pa TV, panali chithunzi chakale cha ukwati, chosanduka chikasu. Mtsikana wa chipsera pa nsidze, ndi mnyamata wa tsitsi lambiri, jekete yobwereka ikumulendewera m'mapewa. Phoebe anaona kumene ndikuyang'ana.

"Awo ndi bambo anga. Anatengedwa ndi ayufi mu 1986, ine ndili ndi zaka zitatu. Sitinawaonenso. Amayi sanakwatiwenso, ndipo nkhaniyo safuna n'komwe kuikamba."

Anandiyang'ana m'maso ndithu. Anaona dazi, ndevu zoyera ndi magalasi, basi.

Funso lomaliza pa fomu yathu limati: wosowayo amaopa chiyani? Killian analiika dala, chifukwa munthu woiwala amathawa zimene ankaopa kale, osati zimene zilipo lero.

"Amaopa chiyani?" ndinafunsa.

Phoebe anaganiza. "Amayi? Saopa kanthu aja. Ngakhale agalu saopa."

Ine yankho ndinali nalo. Linali m'galimoto panja, litapachikidwa pa mpando, likudontha madzi. Ndinagwira cholembera, ndipo pa mzere uja ndinalembapo kuti palibe.

Ndikutuluka, anandigwira mkono.

"Ankolo, chonde. Ndinawabweretsa ndine kuno. Achibale onse ankati ndiwasiye kumudzi. Akafera m'tchire la eni ake ndikanena chiyani?"

"Tiwapeza, mwanawe," ndinatero. Liwu lomalizalo linatuluka lokha.

4

Kafufuzidwe kathu n'kotere. Timaima pa mzere, munthu ndi mnzake motalikirana pang'ono, n'kumayenda limodzi, tikuyang'ana kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Tikayenda mapazi makumi asanu, wotsogolera amakweza dzanja, tonse n'kuima. Mmodzi amaitana dzina. Kenako tonse chete, kumvetsera. Chete ameneyo ndiye ntchito yeniyeni.

"Elizaaa!"

Mvula yokha pa masamba.

Tinadutsa bwalo lalikulu la udzu, anthu khumi ndi awiri, tonse ofiira, mzere umodzi. Ine ndinali pakati pawo, ndipo ndinkadziwa mmene mzerewo ukuonekera kwa munthu woyang'ana ali kutsidya.

Cha m'ma 1 koloko kunabwera mayi wina wachizungu ndi kagalu kake, wefuwefu.

"Ndinamuona! Cha m'ma 12, pa benchi ya pafupi ndi dziwe, pansi pa mtengo waukulu. Amaimba, anandimwetulira. Ndinalibe foni, ndiye ndinati ndikuitaneni, popeza munali mukubwera kale. Koma atangokuonani anadzuka, n'kuthamanga chowerama kulowera ku njanji. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga choncho."

Killian anakanda m'mutu. "Watithawa ife? Chifukwa chiyani?"

Anayang'ana aliyense. Anayang'ananso ine. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Galu wathu wonunkhiza anatsata fungo mpaka m'dambo, n'kulitaya m'madzi. Killian anagawanso mapu, natumiza magulu m'mbali mwa njanji. Ine maso anga anali pa kamzere kamodzi kobiriwira pa mapupo, kamtsinje kolowa pansi pa njanjiyo. Pamenepo pali kalavati, chimpaipi cha simenti chodutsamo madzi, chotalika komanso chokhota pakati.

Pasanathe ola, wailesi inalankhula. Anzathu awiri anafika pa kalavatiyo, anawalitsa tochi, anaitana katatu, sanamve kanthu. Killian anatenga cholembera n'kudula malowo pa mapu. Kwa ife, malo odulidwa ndi malo otha. Sitibwererako.

Anatigawira tiyi ndi masangweji. Ndinadya. Ndikunena zoona, ndinatafuna n'kumeza, uku ndikudziuza kuti mwina ndikulakwitsa, mwina wadutsa njanji, mwina wina amupeza popanda ine kutsegula pakamwa. Ndikanena, Killian afunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndikayankha, dzina la Crispin ligwa, ndipo pa dzina limenelo ndi pamene pali pasipoti yanga, ukwati wanga ndi Sibeso wa zaka makumi awiri, ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno. Maofesi a boma oona za olowa ndi otuluka ali mu Croydon momwemo, ndimawadutsa ndikamapita kogula buledi.

Mvula inakula. Timitsinje tinayamba kusefukira m'tinjira. Itakwana 3 koloko, kuwala kunayamba kuchepa, ndipo Phoebe anafika pa vani atakana kukhala kunyumba. Anaima m'mphepete mwa dambo, manja kukamwa.

"Amayiii! Ndine Phoebe! Amayiii!"

Mawu anali atasasa. Anaitana mpaka anagwada m'matope.

5

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuzungulira.

Dzina langa ndine Felton. Ndinabadwira ku Mchinji, ndipo ndinkakonza njinga pa Kamwendo. Eliza ndi mkazi wanga wa ukwati wa mu tchalitchi. Phoebe ndi mwana wanga.

Achinyamata a lero simungadziwe za ayufi. Anali anyamata a chipani, a malaya ofiira, oima pa zipata za misika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankalowa mumsika. Wowayankha mwano ankatengedwa, ndipo ena sankabwerera.

Tsiku lina Loweruka, mu 1986, mmodzi wa iwo anamukankha Eliza pa chipata cha msika, mwana ali kumsana, chifukwa khadi anaiwala kunyumba. Ine ndinali poteropo ndi sipanala m'manja. Sindinaganize. Mnyamatayo anagwa, mano awiri ali pansi.

Dzuwa litapendeka, mnansi anabwera akuthamanga kudzatiuza kuti akubwera gulu, akufunsa nyumba yathu. Ndinamugwira Eliza dzanja, tinadzera m'chimanga mpaka pa msewu wa ku Chipata, pamene panali kalavati wouma.

"Lowani umu ndi mwana, Nambewe," ndinamuuza. "Aliyense akaitana, musayankhe. Ngakhale atchule dzina lanu, ngakhale amveke ngati m'bale wanu, musayankhe. Mutuluke pokhapokha mukamva likhweru langa."

Likhwerulo ankalidziwa. Ndi lomwe ndinkamuitanira kuseri kwa nkhokwe ya amayi ake tili pa chibwenzi: kawiri mofupika, kamodzi motalika.

"Musachedwe, a Felton," anatero. "Muno mukuzizira."

Ndinati ndikangosuzumira kunyumba n'kubwerera. Nditafika pa chulu, ndinaona malaya ofiira atazinga nyumba, denga likufuka utsi, wina akukuwa dzina langa. Miyendo inatembenuka yokha. Ndinathamanga osaima, ndipo dzuwa likutuluka ndinali m'dziko la Zambia.

Ndinadziuza kuti ndibwerera mawa. Mawa linakhala sabata. Ku Kitwe ndinapeza mapepala a mnyamata wina womwalira, dzina lake Crispin, ndipo ndinawavala ngati malaya. Zinthu zitasintha kwathu mu 1994, anzanga othawa anabwerera, ena mpaka anthu anawavinira powalandira. Ine ndinakwera basi ya ku Bulawayo. Ndikanakayamba ndi mawu ati kwa mkazi amene ndinamusiya mu mpaipi ndi mwana?

Likhweru lija sindinaliimbe. Ndipo tsopano matenda anali atamufufutira zaka zonse za pakati, n'kumubwezera pa tsiku lomwe lija. Anaona malaya ofiira pa mzere akuitana dzina lake, anachita zimene mwamuna wake anamuuza. Anzanga aja atawalitsa tochi n'kuitana, anali momwemo, akuwamva.

6

Ndinapita kwa Killian. Nthawi inali 3:15.

"Ali mu kalavati muja."

"Tayang'anamo, Crispin."

"Sangayankhe. Anauzidwa kuti asayankhe. Uza anthu onse avule majekete, akuopa zofiira. Ndipo wina asaitanenso dzina lake."

"Anauzidwa ndi ndani?"

"Ndi ine."

Killian anandiyang'ana kanthawi, madzi akutsika pa chipewa chake. Sanafunsenso. Anakweza wailesi n'kulamula kuti aliyense avule jekete, abweretse machila ndi mabulangeti ku njanji, ndipo aitane ambulansi.

Tinathamanga anthu asanu ndi mmodzi, malaya okha, mvula ikutimenya. Kamtsinje kaja kanali katakwiya, madzi a matope akulowa mu kalavati mwamphamvu. Ndinatsikira m'madzimo, anandifika m'mawondo, ozizira ngati akuluma. Ndinawerama pakamwa pa mpaipi. Munali bii.

Ndinakonza milomo. Panatuluka mpweya wokha. Milomo inali itauma ndi chisanu, ndipo mano anga akutsogolo ndi oikirira. Ndinayesanso, osatheka. Ndinachotsa manowo n'kuwaika m'thumba, ndinanyambita milomo, n'kuyesa kachitatu.

Kawiri mofupika, kamodzi motalika.

Dzanja la Killian linali m'mwamba. Tonse chete, monga mwa ntchito yathu.

Kenako, kuchokera mkati, kupitirira pokhota paja, kunamveka mawu aang'ono.

"A Felton?"

Ndinakwawa. Anali atakhala tsonga, msana utatsamira simenti, madzi ali m'chiuno. Juzi yobiriwira ija anali ataivula. Anaikulunga bwinobwino n'kuifukata pachifuwa, pamwamba pa madzi, akuigwedeza pang'onopang'ono. Iye anatsala ndi kabulauzi kopyapyala, ndipo kunjenjemera anali atasiya, chimene kwa ife ndi chizindikiro choipa kwambiri.

Ndinawalitsa tochi pa nkhope yanga kuti andione. Sanadabwe ndi dazi kapena ndevu.

"Apita?" ananong'ona.

"Apita, Nambewe."

"Anabwera pakhomo apa, amaitana. Sindinayankhe."

"Munachita bwino."

"Koma mwachedwatu, a Felton. Mwanayu wazizidwa. Tayambani mwamutenga iyeyu."

Anandipatsa juzi ija ndi manja awiri, mosamala, dzanja lina litachirikiza kumene kukanakhala mutu. Ndinailandira. Sanalole kuti timunyamule mpaka ataona kuti ndaifukata bwino.

7

Eliza anamugoneka m'chipatala, ndipo tsiku lachiwiri madokotala anati ndi chibayo.

Killian anabwera kwathu Lachinayi, Sibeso ali kuntchito. Anakana tiyi, anakana mpando.

"Unadziwa nthawi yanji?"

"Nditangoona chithunzi."

Anagwedeza mutu. "Bambo anga anagona masiku asanu ndi anayi pafupi ndi nyumba, chifukwa panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene ali. Ndinayambitsa gululi chifukwa cha zimenezo. Iwe unkadziwa, ndipo unaima pambali panga ukudya sangweji." Anatambasula dzanja. "Wailesi ndi jekete. Mu lipoti ndilemba zoona. Koma mwana uja asamve kwa ine, ukamuuze wekha."

Sibeso ndinamuuza madzulo ake. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chimene sanachitepo.

"Manje nizikuitanani ndani?" anafunsa. M'mawa mwake analongedza chikwama n'kupita kwa mng'ono wake ku Peckham.

Phoebe ankandiimbira tsiku ndi tsiku. "Ankolo, bwerani mudzawaone. Akungotchula dzina la bambo anga, akuti anabwera kudzawatenga. Confusion yake imeneyo, koma mwina akakuonani mtima ukhala pansi. Inu ndi mngelo wathu."

Ndinapita tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndinamupempha kuti tiyambe takhala pansi m'kantini ya chipatala. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa sipanala. Tiyi wake anazizira osamukhudza.

"Mu mpaipi," anatero pomaliza, ngati akulankhula yekha. "Agogo ankangoti anatipeza kutchire patapita masiku awiri. Ine mpaka lero sindikwera sitima yoyenda pansi pa nthaka. Ndimazungulira ndi mabasi atatu, anzanga kumandiseka. Sindinkadziwa chifukwa chake."

Ndinayembekeza kuti andifunsa za zaka zonse zija, kumene ndinali, chifukwa chimene sindinalembe ngakhale kalata. Mayankho ndinali nditakonza. Koma iye ndi namwino.

"Chithunzi munachiona nthawi yanji?"

"10:20."

"Likhweru munaimba nthawi yanji?"

"Cha m'ma 3:25."

Anawerenga pa zala, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kugunda kwa mtima wa wodwala.

"Pa 12 koloko anali pa benchi, pansi pa mtengo, akuimba, ali wouma. Mukanangoti vulani majekete. Mawu awiri. Simukanafunika n'komwe kunena kuti ndinu ndani." Anaimirira. "Za 1986 sindikuweruzani. Munali mnyamata, munachita mantha, anthu aja ankapha. Koma Lachiwiri lapitali panalibe wokuthamangitsani. Munakhala pa sofa yanga, ndikukugwirani mkono."

"Mwanangu..."

"Ayi. Mawu amenewo ayi." Anatenga kachikwama kake. "Ku wodi simulowa. Akuganiza kuti mwamuna wawo anabwera pa nthawi yake. Asiyeni apite akudziwa choncho."

Eliza anamwalira patapita masiku awiri, dzuwa likutuluka, Phoebe atamugwira dzanja.

8

Thupi analitengera kwathu ku Mchinji. Ine sindinapite, ndipo sindikanatha, popeza mapepala anga ali m'manja mwa a boma tsopano. Ndinawapereka ndekha. Loya wanga akuti nkhaniyi itenga nthawi, ndipo sakulonjeza kanthu. Sibeso amayankha foni masiku ena, masiku ena ayi.

Gulu lija likupitirira. Ndinamva kuti Killian anagula majekete ena akuda amene amakhala m'vani, ndipo pophunzitsa atsopano amawauza kuti munthu wobisala si wofanana ndi munthu wosochera, kuti malo amene mwaitana osayankhidwa musafulumire kuwadula pa mapu. Dzina langa satchula. Mwezi wathawu anapeza bambo wina wa ku Sri Lanka ali moyo, atabisala pansi pa mlatho.

Inu owerenga, makamaka amene mwatenga makolo anu kudzakhala nawo m'maiko a eni, afunseni akadali ndi nzeru zawo. Musangofunsa za mankhwala ndi zakudya zimene amakonda. Afunseni chimene anathawapo, kumene anabisala, ndi amene anawauza kuti adikire. Adzakana, adzati n'zakale, koma limbikirani. Tsiku limene mutu udzayambe kutaya zinthu, zatsopano ndi zimene zimayamba kugwa, zakalezo n'kutsala zokha, ndipo inu mudzakhala mukuitana munthu amene ali m'chaka china.

Ndipo inu amene muli ngati ine, amene muli ndi chinthu chimene munachikwirira n'kumangapo nyumba, sindikuuzani kuti kuulula n'kokoma. Ine kwandilanda zonse. Ndingokuuzani kuti ndinkadziona ngati munthu amene analakwa kamodzi kalekale ali mnyamata, amene akanapatsidwa mpata wachiwiri akanachita bwino. Mpatawo ndinapatsidwa, ndili ndi imvi, nditaphunzitsidwa zaka khumi ndi ziwiri kupulumutsa anthu, wailesi ili m'manja.

Phoebe atabwerako ku maliro ananditumizira uthenga umodzi, ndipo ndi womaliza. Munali chithunzi cha manda a kumudzi kwathu. Pakati pa mitumbira yakale pali mtanda wachitsulo wadzimbiri, wolembedwa kuti Felton, 1957 mpaka 1986. Pansi pa chithunzicho analemba kuti abale anga, atatopa kudikira, anaika m'manda malaya anga ndi pampu ya njinga, ndipo Eliza ankapita kukalambula pamenepo chaka ndi chaka.

"Amalume afunsa ngati tiuzule," analemba. "Ndawauza kuti ausiye."